Kazembe wathu ku Harare: amafika bwanji pampandowo, ndipo mphamvu zake zimalekera pati

Amalawi ambiri okhala mu Harare muno timamuona kazembe wathu mwa apo ndi apo: pa chikondwerero cha 6 July, pa maliro a munthu wodziwika, kapena pa kanema akupatsana moni ndi nduna. Masiku ena onse timangomva za m'maluwa. Mukakhala pa macheza a anthu akwathu ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Dzivarasekwa, mumamva madandaulo awiri otsutsana. Ena amati akazembe amangobwera kudzadya ndalama za boma m'mahotela. Ena amawayesa mfumu yoti ikangoimba foni mwana wawo atuluka m'chitokosi tsiku lomwelo, ndipo zikakanika amati munthuyo ndi wouma mtima. Onsewa akuphonya chinthu chimodzi. Kazembe salamula aliyense m'dziko la eni. Chimene amagwirira ntchito ndi kukhulupiridwa, ndipo kuti anthu afike pokukhulupirira pamapita zaka zambiri.

Makomo olowera pa ntchitoyi ndi awiri. Loyamba ndi la anthu olembedwa ntchito m'boma. Wachinyamata amene wamaliza digiri yake, kaya ya zamalamulo, zandale, zachuma kapena mbiri yakale, amalowa mu unduna woona za ubale wa dziko lathu ndi mayiko ena ku Capital Hill, ku Lilongwe. Amamupatsa desiki yake, mayiko angapo kapena bungwe limodzi monga SADC kapena African Union, kuti azitsata zochitika zake tsiku ndi tsiku. Zaka zoyambazo ndi za kulemba basi: makalata opita ku maofesi a akazembe a mayiko ena, mfundo zachidule zoti nduna iwerenge m'galimoto popita ku msonkhano, maminitsi a zimene akuluakulu agwirizana. Akalakwitsa dzina la mlendo kapena udindo wake, pepalalo limabwerera pa tebulo lake kuti ayambirenso.

Akamutumiza kunja koyamba amapita pa udindo wotsika, wa Third Secretary kapena Second Secretary. Amakhalako zaka zitatu kapena zinayi, n'kubwerera ku likulu, n'kudzatulukanso ali First Secretary, kenaka Counsellor, kenaka wachiwiri kwa kazembe. Pofika poti anthu azimutchula kuti Olemekezeka Akazembe, imvi zimakhala zitayamba, ndipo anzake a ku Zimbabwe, Zambia ndi Mozambique amene ankachezera nawo usiku kukonza mawu a m'mapangano ali anyamata, nawonso amakhala atakwera kwawo. Chuma cha munthu wotere chagona pamenepo. Ali ndi manambala a anthu amene amayankha akaona dzina lake pa foni pakati pa usiku.

Khomo lachiwiri ndi la pulezidenti. Malamulo aakulu a dziko la Malawi amapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yosankha akazembe, ndipo sakakamizidwa kutenga munthu wa mu undunawo. Atha kutenga wandale, mkulu wa asilikali wopuma, mphunzitsi wa ku yunivesite, wamalonda kapena m'busa, malinga komiti ya aphungu ya Public Appointments Committee imufunse mafunso ndi kumuvomereza. Mayiko ambiri amatero, America yomwe. Ndipo khomoli latulutsapo anthu olimba. David Rubadiri anali mphunzitsi pamene anatumizidwa mu 1964 kukhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations. Chaka chotsatira, mkangano wa Kamuzu ndi nduna zake utafika povuta, anatula pansi udindo n'kukhala kunja zaka zambiri, mpaka boma la Bakili Muluzi linamutumizanso ku United Nations mu 1997. Chimene chimandipweteka ine ndi pamene ukazembe usanduka mphoto yothokozera amene anavina pa kampeni, kapena kotayirako munthu amene akusautsa kumudzi. Zikatero, amene anayamba ndi maminitsi aja amaona kuti pamwamba sadzafikapo, ndipo anzeru mwa iwo amachoka kukafuna ntchito ku mabungwe akunja.

Kusankhidwa ku Lilongwe sikokwanira. Boma limayamba latumiza dzinalo mwakachetechete ku Harare kufunsa ngati munthuyo angalandiridwe. Chilolezo chimenechi amachitcha agrément. Dziko lolandira lili ndi ufulu wokana osapereka chifukwa, ndipo kawirikawiri silikana poyera, limangokhala duu mpaka otumizawo atazindikira okha. N'chifukwa chake mwambo wake ndi wosalengeza dzina yankho lisanabwere.

Akatera pa bwalo la ndege sayamba ntchito yonse tsiku lomwelo. Amayamba wakapereka makope a zikalata zake ku unduna wa zakunja wa Zimbabwe ku Munhumutapa Building, pa msewu wa Samora Machel, n'kudikira tsiku lokaonekera kwa pulezidenti ku State House. Kudikirako kutha kutenga masabata. Tsikulo likafika amanyamula makalata awiri osainidwa ndi pulezidenti wa Malawi: ina yoitanitsa kazembe wakale, ina yopempha kuti zonse zimene watsopanoyu adzanene m'dzina la Malawi zikhulupiridwe. Amawapereka, pamakhala kucheza kwa mphindi zochepa, kujambulitsa, basi. Koma tsiku ndi ola limene wayamba ntchito zimalembedwa mosamala, chifukwa ndizo zimanena mpando umene azikhala pa zochitika za boma. Kazembe wa Malawi amene wakhalitsa amakhala kutsogolo kwa kazembe wa dziko lolemera amene wafika dzulo, ndipo m'mayiko ambiri wokhalitsa kuposa onse ndiye amayankhulira akazembe anzake. Lamulo limeneli ndimalikonda, chifukwa ndi amodzi mwa malo ochepa pamene dziko losauka silikankhidwira kumbuyo.

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza anthu. Wathu wa ku Lusaka, Pretoria kapena London amatchedwa High Commissioner, pomwe wa ku Harare ndi Ambassador. Ntchito ndi imodzimodzi. Mayiko a Commonwealth amatumizirana ma High Commissioner, ndiye poti Zimbabwe inatuluka m'bungweli mu December 2003, dzina la udindowo linasintha.

Maziko a ntchito yonseyi ali mu Pangano la ku Vienna la 1961. Limati ofesi ya kazembe ilipo kuti iimire dziko lake, iteteze zofuna za dzikolo ndi anthu ake, ikambirane ndi boma la eni, ifufuze m'njira zovomerezeka zimene zikuchitika n'kudziwitsa kwawo, ndiponso ilimbitse ubale. Amene anakhalapo nkhoswe ya banja aimvetsa msanga ntchitoyi. Nkhoswe siilamula pakhomo pa eni, ndipo siipita kukanena maganizo ake. Imanyamula mawu a mbali yake, imamvetsera a mbali inayo, n'kukafotokoza kwawo mosawonjezera kapena kuchotsera. Tsiku limene mbali imodzi yaigwira bodza, unkhoswe wake wathera pomwepo ngakhale azipitiriza kuiyalira mphasa.

Za chitetezo cha akazembe anthu amakamba zosokonekera. Ndi zoona kuti apolisi a Zimbabwe sangamumange kazembe, sangalowe mu ofesi kapena m'nyumba yake iye asanalole, ndipo thumba la makalata a boma silitsegulidwa pa boda. Koma bwalo la embase si dothi la Malawi monga ena amanenera. Ndi Zimbabwe yomweyo, kungoti boma la kuno linalonjeza kusalowamo. Chitetezocho mwini wake ndi dziko lotuma, ndipo Lilongwe itha kuchichotsa kuti munthuyo aimbidwe mlandu. Pangano lomwelo limamulamula kulemekeza malamulo a kuno ndi kusalowerera ndale za eni dziko. Akalumpha malire, boma lolandira limangolengeza kuti sakufunidwanso, ndipo amalongedza.

Ntchito imene imadya nthawi yambiri ya kazembe wabwino ndi imene ife sitidzaiwerenga: malipoti achinsinsi opita ku likulu. Mvula ikavuta kuno, Lilongwe iyenera kudziwa msanga kuti Zimbabwe idzafuna chimanga, ndi kuti mitengo m'chigawo chonse ikwera. Ndalama yatsopano ya Zimbabwe, ya ZiG, itayamba mu April 2024, wina anayenera kufotokozera boma lathu tanthauzo lake kwa wamalonda wa ku Limbe amene amagulitsa katundu kuno. Zisankho zikayandikira, pulezidenti wathu ayenera kumva zoona, osati zimene akufuna kumva. Apa ndi pamene pagona ngozi ya ntchitoyi. Mu 2011 kazembe wa Britain ku Lilongwe, Fergus Cochrane-Dyet, analembera boma lake kuti Bingu wa Mutharika akunka nalamulira mwankhanza ndipo sakufuna kudzudzulidwa. Kalatayo inatuluka poyera, ndipo mu April chaka chomwecho anathamangitsidwa. London inabwezera pothamangitsa mayi amene ankatsogolera ofesi yathu kumeneko, ndipo patapita miyezi yochepa Britain inaimitsa thandizo lake la mu bajeti. Ambiri tikukumbukira mizere ya mafuta ndi kusowa kwa ndalama zakunja kwa nthawi imeneyo. Munthu uja anachita zimene kazembe aliyense amatumidwa, kulemba zimene waona, ndipo mayi wathu wa ku London analibe mlandu uliwonse. Onse awiri analipira mkangano wa akuluakulu.

Kulinso masiku amene kazembe amaitanidwa kuti akamve mkwiyo wa eni dziko pa mawu amene sananene ndi iye. Mu 2013 Jacob Zuma, amene anali pulezidenti wa South Africa, atanyoza misewu ya ku Malawi, amene anaitanidwa ku Capital Hill kukafotokoza anali kazembe wa South Africa. Ndiponso mfundo za boma sasankha ndi iye. Malawi itakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, akazembe athu ndiwo ankayang'anizana ndi nkhope zokwiya m'misonkhano ya mu Africa. Boma litasiya Taiwan n'kupita ku China kumapeto kwa 2007, amene dzulo lake ankatamanda Taipei anayenera kusintha nyimbo. Kazembe atha kutsutsa m'kalata yachinsinsi, molimba ndithu. Boma likagamula, njira zimatsala ziwiri: kunyamula uthengawo kapena kutula pansi udindo monga anachitira Rubadiri.

Zonsezi n'zofanana kulikonse. Harare ili ndi katundu wakewake. Kazembe wathu ku Tokyo kapena ku Berlin atha kuwadziwa ndi mayina Amalawi ambiri a m'dera lake. Kuno sizingatheke. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anthu a ku Nyasaland ankatsika wapansi kudzera ku Tete kudzagwira ntchito m'migodi, m'mapulazi a fodya ndi m'makhitchini a azungu a mu Salisbury, amene lero ndi Harare. Ena anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena pa malole a Ulere amene ankanyamula ofuna ntchito osalipiritsa. Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, Salisbury ndiye linali likulu lathu tonse. Mpingo unawatsatira anthu ake kuyambira 1912, ndipo lero Harare ndi imodzi mwa masinodi asanu a CCAP. Gule wamkulu amavinidwa m'makomboni a kuno, ndipo Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amavomereza. Ambiri mwa obwerawo sanabwererenso, kumudzi anawatcha matchona. Ana ndi zidzukulu zawo ndiwo amagogoda pa geti ya embase.

Vuto lawo lalikulu ndi mapepala. Mu 2001 Zimbabwe inakhwimitsa lamulo la unzika, kuti aliyense amene angawerengedwe ngati nzika ya dziko lina akane unzika winawo motsatira malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Munthu wobadwira pa pulazi ku Mazowe, amene sanapondepo Malawi, anafunika kukana unzika umene analibe nawo pepala lililonse. Zitupa za ambiri zinali ndi chizindikiro chakuti ndi alendo, ndipo anatsekeredwa kuvota. Izi zinachitika pamene kulanda mapulazi kuyambira 2000 kunali kutachotsa ambiri pa ntchito ndi pokhala pomwe, pomwe iwo analibe mudzi wothawirako. Kenaka Murambatsvina wa 2005, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi misika imene linkati ndi yosaloledwa, amene lipoti la United Nations linati anasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena popezera chakudya, anawapezanso m'matauni. Malamulo a 2013 anakonza zambiri: gawo 43 limati wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo amakhala kuno, ndi nzika mwa kubadwa. Malawi nayo, kumapeto kwa 2018, inasintha lamulo lake kuti munthu athe kukhala nzika ya mayiko awiri. Papepala nkhaniyo inatha. Pakhomo siinathe, chifukwa malamulo onsewa amafuna umboni.

Taganizirani mayi wachikulire wochokera ku Epworth atakhala moyang'anizana ndi wogwira ntchito ku embase. M'kajumbo ka pulasitiki atulutsa chitupa chong'ambika cha malemu bambo awo ndi khadi la ubatizo.

"Agogo, bambo anu kwawo kunali kuti?"

"Ankati ku Dedza, mwanangu."

"Mudzi wa yani? Mfumu yaikulu ndani?"

Apa agogowo amayang'ana pansi. Kenaka amatchula mfunda wawo, ndi dzina la mtsinje umene bambo ankakonda kuutchula akamasimba za kwawo. Wantchito waulesi amati mubwere mwezi wamawa. Wodziwa ntchito amadziwa kuti ku Malawi munthu amapezeka kudzera kwa nyakwawa, gulupu, mfumu yaikulu ndi DC, ndipo amatenga dzina la mtsinje lija n'kulembera ku boma la Dedza. Kazembe salemba yekha kalata imeneyo. Koma ndi iye amene amaonetsa antchito ake ngati agogowa ndi ntchito yeniyeni ya ofesi kapena ndi chosokoneza. Ndi iye angathe kukakhala pansi ndi akuluakulu a kaundula a Zimbabwe kuti nkhani zotere zisamathetsedwe imodziimodzi. Ndi iyenso angatulutse ofesi yake kupita ku Bulawayo, ku Kadoma, ku Mutare ndi m'mapulazi, kumene kuli anthu opanda ndalama ya basi yobwerera ku Harare. Ine kazembe ndimamuyesa pamenepa.

Palinso apaulendo. Msewu wochokera ku Beitbridge, kudutsa mu Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza, umanyamula mabasi a ku Johannesburg ndi mathiraki a katundu wa Malawi usana ndi usiku. Basi ikagubuduzika, mnyamata akaberedwa pasipoti, atsikana akatayidwa panjira ndi amene anawalonjeza ntchito ku Joni, foni imalira ku embase. Wotaya pasipoti amapatsidwa chikalata chapadera chongofikira kumudzi. Maliro opita ku Mangochi amadutsa dziko lachitatu, Mozambique, ndipo pamafunika chikalata cha imfa, cha achipatala, cha okonza thupi ndi kalata ya embase, zonse zogwirizana mayina, apo ayi galimoto imagona pa boda abale akulira. Magulu athu othandizana pa maliro amaidziwa bwino ntchito imeneyi, ndipo kazembe wanzeru amayenda nawo limodzi.

Nanga mwana uja wa m'chitokosi? Pangano lina la ku Vienna, la 1963, limati mlendo akamangidwa auzidwe kuti atha kudziwitsa ofesi ya dziko lake, ndipo a ofesiyo ali ndi ufulu wokamuona, kulankhula naye ndi kumuthandiza kupeza loya. Mphamvu zake zimalekera pomwepo. Kazembe sangauze woweruza chochita, ndipo kawirikawiri alibe thumba lolipirira belo kapena chindapusa cha munthu. Kwa eni kulibe mkuwe. Komabe musakuchepetse kuyendera wandende. Munthu amene akudziwika kuti dziko lake likumutsatira saiwalika m'ndende miyezi akudikira kutumizidwa kwawo. Dziwaninso kuti amene ali nzika ya Zimbabwe, ngakhale agogo ake anali a ku Ntcheu, boma la kuno limamuwerenga ngati munthu wake, ndipo embase ili ndi mpata wochepa womulowerera.

Za malonda ndidutsapo msanga. Mayiko awiriwa ali ndi pangano la 1995 lolola katundu wopangidwa m'dziko limodzi kulowa m'linzake popanda msonkho, ndipo onse ali mu SADC ndi COMESA. Koma pangano silimasula thiraki imene yaima pa Nyamapanda chifukwa cha pepala limodzi. Pamafunika munthu wodziwa ofesi yoyenera kugogoda. Pakakhala msonkhano waukulu, monga wa atsogoleri a SADC umene unachitikira kuno mu August 2024, ofesi yonse imachezera kukonza za ulendo wa pulezidenti, kuyambira pokhala mpaka mawu a m'chikalata chomaliza.

Moyo wake uli ndi zokoma, palibe angakane: nyumba, galimoto, malipiro a ndalama zakunja. Zowawa zake sizioneka. Mkazi kapena mwamuna wa kazembe nthawi zambiri amasiya ntchito yake, ndipo m'dziko la eni saloledwa kugwira ina popanda mgwirizano wapadera. Ana amasintha sukulu zaka zingapo zilizonse, ena n'kukula osadziwa kwawo. Makolo amadwala n'kumwalira uli kutali. Ndalama zoyendetsera ofesi zimachokera ku bajeti ya kwacha pomwe zolipira zili m'madola, kotero kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yomweyo inayamba kugula madola ochepa kwambiri. Kazembe wa dziko losauka amayenera kuoneka mwaulemu pamaso pa anzake pamene akuwerengetsera mafuta a galimoto yopita ku ndende.

Mapeto ake amabwera ndi kalata. Boma likasintha kumudzi, akazembe ambiri amaitanidwa, makamaka olowera khomo lachiwiri aja. Amakatsanzika, wachiwiri wake n'kugwirizira ofesi ngati chargé d'affaires, nthawi zina kwa miyezi yambiri. Wogwirizira sapatsidwa khutu lofanana ndi la kazembe weniweni, ndipo mafayilo a anthu onga agogo aja amaima. N'chifukwa chake ndikufuna kuti komiti ya aphungu ija isamangofunsa za masatifiketi ndi ngongole za munthu. Wopita ku Harare afunsidwe ngati akudziwa zimene gawo 43 limanena, ngati anadutsapo pa Nyamapanda pa basi, ndi m'mene adzafikire anthu a m'mapulazi a ku Mashonaland amene sangathe kubwera m'tauni. Aphungu ali ndi mphamvu yofunsa zimenezi, ndipo ife a kuno, kudzera m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu athu a maliro, titha kuwalembera mafunsowo dzina latsopano likangomveka.